Kulumikiza gitala ya bezi ku mikisa popanda ampu: njira zomwe zilipo ndi kusiyana kwake

Funso loti kodi gitala ya bezi ingalumikizidwe ku mikisa (chipangizo chosakanizira mawu asanapite ku masipika) popanda kudutsa mu ampu limabuka kawirikawiri m'matchalitchi, m'mabandi ang'onoang'ono ndi m'tizipinda tojambuliramo nyimbo, makamaka pamene ampu yawonongeka, yabwerekedwa kwina kapena ndalama zogulira ina palibe. Yankho lake ndi lakuti inde, mawu atuluka, ndipo ngati chingwe chalowa pabowo loyenera palibe chimene chingapse. Komabe ampu ya bezi imagwira ntchito zitatu panthawi imodzi: imalandira mphamvu yofooka yochokera m'gitala m'njira yoyenerera gitalayo, imakonza kamvekedwe kake, ndipo imapatsa woimba sipika yakeyake yodzimverapo ali pansanja. Amene akuchotsa ampu ayenera kudziwa kuti ntchito zitatuzi azisenzetsa chipangizo chiti, ndipo njira zonse zimene tikuyerekeza pano zimasiyana pa mfundo imeneyi.

Kuimba bezi popanda ampu si chinthu chachilendo kapena chaumphawi. M'zaka za m'ma 1960, ku kampani yojambula nyimbo ya Motown mumzinda wa Detroit ku America, James Jamerson ankajambula nyimbo zambiri gitala yake ya Fender Precision italumikizidwa mwachindunji ku zipangizo zojambulira, ndipo mumzinda womwewo katswiri wina wa zojambula mawu, Ed Wolfrum, ankapanga timabokosi tolumikizira magitala ku mikisa. Geddy Lee wa gulu la Rush la ku Canada atasiya kunyamula masipika aakulu a bezi, anayamba kuika makina oumitsira zovala pansanja, pamalo pamene pakanakhala ampu, pofuna kuseketsa anthu, chifukwa mawu ake onse ankapita ku mikisa. Anthu amenewa sankangolowetsa chingwe pabowo lililonse limene aliona, koma ankaika chipangizo china pakati pa gitala ndi mikisa, ndipo chifukwa chake chiyenera kumveka bwino tisanayambe kuyerekeza.

Magitala a bezi alipo a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wopanda batire, umene oimba amautcha passive, monga Fender Precision imene inatuluka mu 1951 ndi Jazz Bass ya mu 1960, pamodzi ndi magitala ambiri otsika mtengo opangidwa motengera awiriwa. M'gitala yotere mphamvu yonse imachokera mu pickup, amene ndi maginito okulungidwa ndi waya wopyapyala kwambiri pansi pa nsambo, ndipo mphamvu imeneyi ndi yochepa zedi. Ili ngati kasupe wamng'ono wa m'dambo nthawi ya chilimwe: mukamatunga ndi kachikho madzi amabwerera msanga ndipo amakhala oyera, koma mukamizamo ndowa yaikulu kasupeyo amaphwa n'kutsala matope. Muyeso wosonyeza kuti bowo la chipangizo limakoka mphamvu yochuluka bwanji umatchedwa impedance, ndipo nambala yake ikakhala yaikulu ndiye kuti bowolo limakoka pang'ono. Bowo la ampu ya bezi kawirikawiri limakhala ndi impedance yofika pafupifupi ma ohm 1,000,000, pamene bowo la line, lolandira zipangizo monga kiyibodi, pa mamikisa ambiri limakhala ndi ma ohm 10,000 kapena kupitirira pang'ono, ndipo la maikolofoni limakhala pakati pa 1,000 ndi 3,000. Mtundu wachiwiri ndi wokhala ndi batire ya 9V kumsana kwake, umene umatchedwa active, monga Music Man StingRay imene inayamba kugulitsidwa mu 1976. Gitala yotere ili ndi kachipangizo kake kolimbitsa mphamvu mkati momwemo, choncho bowo lokoka kwambiri silimaifooketsa. Musanasankhe njira iliyonse, tembenuzani gitala yanu muone ngati ili ndi kachitseko ka batire, chifukwa theka la yankho lili pamenepo.

Njira yoyamba, imene anthu ambiri amayambira, ndi kutenga chingwe cha jack n'kuchilowetsa pabowo la line. Ubwino wake ndi woti sipafunika kugula kanthu. Ndi gitala ya batire njirayi imagwira ntchito bwino ndithu, malinga ngati mikisa ili pafupi ndi woimba. Ndi gitala yopanda batire zotsatira zake zimakhala zokhumudwitsa: mawu amatuluka otsika, kuthwa kwa nsambo kumazimirira, ndipo woyendetsa mikisa amakakamizika kukweza gain, batani lokulitsa mawu olowa, mpaka chanelo iyambe kuchita phokoso lokhala ngati la mvula. Mabatani a volume ndi tone a pagitala nawonso amasiya kumvera monga amachitira pa ampu, moti kuchepetsa volume pang'ono chabe kumagwetsa mawu kwambiri. Vuto lina ndi la kutalika kwa chingwe. Chingwe cha jack cha gitala chilibe njira yochotsera phokoso limene chimatola m'njira, ndipo chikapitirira mamita 5 kapena 6 chimayamba kudya mawu a pamwamba ndi kutola kung'ung'uza kwa magetsi, makamaka chikadutsa pafupi ndi mawaya a magetsi kapena matchaja a foni. Ngati mikisa yanu ili kumbuyo kwa tchalitchi, njirayi muiiwale.

Pali chinyengo china chimene chiyenera kutchulidwa kuti chipewedwe, ndicho chingwe chokhala ndi jack mbali imodzi ndi XLR (pulagi ya mapini atatu ya maikolofoni) mbali inayo, cholowetsedwa pabowo la maikolofoni. Chimaoneka ngati chanzeru chifukwa bowo la maikolofoni lili ndi gain yambiri, koma ndilo limakoka mphamvu kuposa mabowo onse, ndiye kamvekedwe ka gitala yopanda batire kamaipa kwambiri kuposa pa line. Choopsa kwambiri ndi chakuti pabowo limenelo pamadutsa phantom power, magetsi a 48V opatsira mphamvu maikolofoni ena, ndipo pa mamikisa ang'onoang'ono ambiri batani limodzi limayatsa magetsiwa pa machanelo onse nthawi imodzi. Munthu wina akaliyatsa chifukwa cha maikolofoni a kwaya, magetsi amenewo amafika m'gitala, ndipo akhoza kuwononga kachipangizo ka mkati mwa gitala ya batire.

Njira yachiwiri ndi ya mwayi, chifukwa imadalira mikisa imene muli nayo kale. Mamikisa ena ali ndi chanelo imodzi kapena ziwiri zopangidwira magitala, zolembedwa Hi-Z, INST kapena zojambulidwa kachithunzi ka gitala. Behringer XR18 ili nazo pa chanelo 1 ndi 2, Allen & Heath ZED-10 ili nazo pa chanelo 3 ndi 4, ndipo tizipangizo tojambulira pa kompyuta monga Focusrite Scarlett tili ndi batani la INST limene limachita zomwezo. Mabowo amenewa amalandira gitala monga ampu imailandirira, choncho vuto la impedance limatheratu popanda kugula china chilichonse. Kwa munthu wojambula nyimbo m'chipinda, amene wakhala pampando pafupi ndi kompyuta, palibe chifukwa chofunira njira ina. Chimene bowo la Hi-Z silingathetse ndi kutalika kwa chingwe, ndipo chingwe chachitali chimawononga mawu kwambiri pa bowo lotere kuposanso pa ena, chifukwa limamva chilichonse chimene chingwecho chatola.

Ambiri sadziwa kuti pedal (kabokosi ka gitala kopondedwa ndi phazi) imene ali nayo kale ikhoza kupulumutsa zinthu. Mapedal a Boss, kuphatikizapo TU-3 yotchunira nsambo, ali ndi kachipangizo kotchedwa buffer kamene kamagwira ntchito ngakhale pedal itazimitsidwa, bola ili ndi batire kapena yalumikizidwa ku magetsi. Kamalandira gitala ndi impedance yaikulu n'kutulutsa mawu olimba oti bowo la line silingawafooketse, ndiye gitala yopanda batire imasanduka ngati ya batire. Iyi ndi njira yachitatu, yabwino pa tsiku ladzidzidzi komanso pa mayeseledwe a bandi, ngakhale kuti phokoso lotoledwa ndi chingwe chachitali silithetsedwa nayo mokwanira.

Njira yachinayi ndiyo imene oyendetsa mawu odziwa ntchito amagwiritsa ntchito padziko lonse, ndipo ndi imene ine ndingalangize mpingo kapena bandi iliyonse kuti iyambire kugula: kabokosi ka DI. Gitala imalowa m'kabokosiko ndi chingwe chachifupi cha jack, kenako mawu amatuluka kudzera pa chingwe cha XLR kupita pabowo la maikolofoni. Kabokosiko kamachita zinthu ziwiri zimene njira zam'mbuyomu zimalephera kuchitira pamodzi. Kamatsitsa impedance kuti igwirizane ndi mikisa, ndipo kamatumiza mawu m'mawaya awiri moyang'anana mosiyana, kotero kuti phokoso lililonse lolowa m'njira limalowa mofanana m'mawaya onse awiri n'kufafanizika likafika ku mikisa. N'chifukwa chake chingwe cha XLR chikhoza kuyenda mamita 30, 50 ngakhale kupitirira apo mawu osasintha. Pafupifupi mabokosi onse alinso ndi bowo lolembedwa thru kapena link, limene limalola kuti mawu omwewo apite ku ampu ya pansanja ngati ilipo, ndiye kugula DI sikutanthauza kuti mwatsanzikana ndi ampu mpaka kalekale.

Mabokosi a DI nawonso ali pawiri, ndipo apa ndi pamene ogula ambiri amasokonezeka. A passive, monga Radial JDI ndi Whirlwind IMP 2, ali ndi transformer mkati ndipo safuna batire kapena magetsi alionse. Ndi olimba, sangakutherereni moto pakati pa mapemphero, ndipo amapirira mawu amphamvu ochokera ku gitala ya batire kapena kiyibodi. Koma popeza alibe mphamvu yawoyawo, impedance imene gitala imakumana nayo imakhala yotsikirapo kuposa ya ampu, pafupifupi ma ohm 140,000 pa JDI, ndipo mawu amafika ku mikisa atatsika kwambiri. Mabokosi a active, monga BSS AR-133, Countryman Type 85 ndi Behringer DI100 yotsika mtengo, amatenga mphamvu ku phantom power kapena ku batire ya 9V, ndipo amalandira gitala yopanda batire mofatsa osaifooketsa. Lamulo limene oyendetsa mawu amatsata ndi losinthanitsa: gitala ya passive ipite m'bokosi la active, ndipo gitala ya active ipite m'bokosi la passive. Si lamulo la Mose ayi, chifukwa bokosi labwino la passive limamveka bwino ndithu ndi Precision, ndipo oimba ena amakonda kufewa kumene limabweretsa. Pa mabokosi a passive ndi pamene mtengo umaonekera kwambiri, chifukwa transformer yaing'ono yotsika mtengo imalephera kunyamula mawu a pansi penipeni ndipo imayamba kuwaphwanya woimba akamenya nsambo mwamphamvu. Ngati ndalama ndi zochepa, bokosi la active lotsika mtengo kawirikawiri limachita bwino ndi bezi kuposa la passive la mtengo womwewo, malinga ngati mikisa ili ndi phantom power.

Batani la ground lift limene lili pa mabokosi amenewa ndi lofunika kwambiri kwathu kuno, kumene zipangizo za nsanja imodzi nthawi zina zimatenga magetsi ku masoketi osiyanasiyana, ena ochokera ku jenereta. Magetsi a ku Malawi ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amanjenjemera ka 50 pa sekondi, ndipo zipangizo ziwiri zikalumikizidwa ku nthaka kudzera m'njira ziwiri zosiyana, kung'ung'uza kwa 50 Hz kumalowa m'masipika, pafupi kwambiri ndi mawu a pansi a bezi, moti sikungachotsedwe ndi EQ, mabatani osinthira mawu a pansi, a pakati ndi a pamwamba, popanda kupha bezi yomwe. Batanilo limadula njira imodzi ya nthaka pa chingwe cha XLR chokha. Ena pofuna kuthetsa phokoso lomweli amathyola kapena kumasula chitsulo chachitatu cha pulagi ya magetsi, ndipo kuchita zimenezi ndi kuika moyo wa woimba pachiswe, chifukwa nsambo za gitala zimalumikizana ndi nthaka ya zipangizo zonse, ndipo chipangizo chimodzi chikawonongeka mkati magetsi adzafuna njira kudzera m'manja mwake.

Kabokosi wamba ka DI kali ndi chofooka chimodzi: kamapereka mawu a gitala monga alili, osawakometsera. Amene anazolowera kamvekedwe ka ampu amaona ngati bezi yauma. Njira yachisanu imayankha dandaulo limeneli, ndiyo preamp, chipangizo cholimbitsa ndi kukometsa mawu a gitala, yokhala ndi DI mkati mwake. Yodziwika kwambiri ndi SansAmp Bass Driver DI ya kampani ya Tech 21 ya ku America, imene yakhala pamsika kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ndipo imatsanzira kamvekedwe ka ampu ndi sipika yake, ili ndi mabatani a bass, treble ndi drive, komanso imatha kudya phantom power kuchokera ku mikisa. Behringer BDI21 inapangidwa motengera yomweyo pa mtengo wotsika kwambiri. Palinso tizipangizo ta mawu ambirimbiri monga Zoom B1 Four ndi Boss GT-1B, timene timayenda ndi mabatire anayi a AA, tili ndi potchunira nsambo ndi compressor yochepetsa kusiyana kwa mawu ofewa ndi amphamvu, ndipo timalola woimba kuphunzira usiku ndi mahedifoni anthu ali m'tulo. Tiwiri timeneti tilibe bowo la XLR, choncho ngati mikisa ili kutali kabokosi ka DI kafunikabe pambuyo pake. Kuphwanyika pang'ono kwa mawu kumene drive imabweretsa kuli ndi phindu limene ambiri saliganizira. Mapemphero ndi zoimba zambiri masiku ano zimaulutsidwa pa Facebook, ndipo omvera ambiri amamvera pa sipika ya foni imene singathe kutulutsa mawu a pansi. Drive yochepa imawonjezera mawu a pakati ogwirizana ndi noti iliyonse, ndipo khutu limazindikira bezi kudzera mwa amenewo. Vuto la preamp ndi lakuti woimba amakhala ndi mphamvu yosintha mawu opita kwa anthu onse, ndiye akamakhotakhota mabatani pakati pa nyimbo woyendetsa mikisa amavutika.

Njira zisanu zonsezi zikukhudza ntchito ziwiri zoyamba za ampu, koma yachitatu ndi imene imagwetsa mabandi ambiri. Nsambo ya pansi ya bezi ya nsambo zinayi, ya E, imalira pa 41 Hz, ndipo ya B pa gitala ya nsambo zisanu imatsika mpaka pafupifupi 31 Hz. Masipika a mainchesi 10 kapena 12 oikidwa pamitengo, amene anagulidwira mlaliki ndi kwaya, sanapangidwe kuti anyamule mawu otsika chotero pa mphamvu yaikulu. Mukawakakamiza, mawu a oimba amayamba kunjenjemera nthawi iliyonse imene bezi yamenyedwa, ndipo pakapita nthawi sipika imang'ambika kapena kupsa, zimene zimadula kuposa ampu imene munaipewa. Kuti bezi idutse mu mikisa yokha pa malo aakulu, pamafunika masipika a pansi a mainchesi 15 kapena 18, amene anthu amangowatcha masabu. Ngati mulibe amenewa, DI yabwino chotani singakuthandizeni, ndipo ampu ya bezi ndiyo iyenera kunyamula chipinda.

Ngakhale masabu alipo, woimba bezi amakhala kumbuyo kwa masipika aakulu, pafupi ndi ng'oma, ndipo chimene amamva ndi kulindima kobwerera kuchokera kukhoma, kochedwa komanso kosamveka kuti ndi noti iti. Woimba wosadzimva amamenya nsambo mwamphamvu, amathamanga kapena kutsalira, ndipo iye ndi wa ng'oma amasiyana. Choncho musanachotse ampu, werengani kuti mikisa yanu ili ndi ma aux angati, mabowo otumizira mawu apadera kwa oimba a pansanja. Ngati ilipo imodzi yokha ndipo oimba onse amagawana monita imodzi, sipika yodzimverapo pansanja, bezi ikakwezedwa kuti mwini wake aimve, oimba akutsogolo adzadandaula. Pakakhala aux yapadera, woimba bezi akhoza kupatsidwa monita yake kapena tomvera m'khutu todutsa mu kachipangizo kakang'ono ka mahedifoni, ndipo njira ya m'khutuyi imasiya nsanja yopanda phokoso, zimene zimathandiza kwambiri m'matchalitchi a malata opanda siling'i, momwe mawu a pansi amazungulira n'kuphimba mawu a kwaya.

Pa mikisa penipeni, batani loyamba kuliyang'ana ndi la low cut, limene pa Yamaha MG limadula mawu a pansi pa 80 Hz ndipo pa ma Mackie VLZ ena limadula pa 75 Hz. Ndi lothandiza pa maikolofoni, koma pa chanelo ya bezi liyenera kukhala lozimitsa, pokhapokha ngati masipika ndi aang'ono ndipo mukufuna kuwateteza mwadala. Gain ikhazikitsidwe woimba akumenya mwamphamvu monga amachitira nyimbo ikafika pachimake, osati pamene akungoyesa mofatsa, chifukwa bezi imasiyana kwambiri pakati pa noti yofewa ndi yomenyedwa ndi chala chachikulu. Compressor yochepa, ngakhale ija ya batani limodzi ya pa Yamaha MG, imachita zimene sipika ya ampu ikanachita pofewetsa kusiyana kumeneku. Bezi ikamabisala m'nyimbo, mankhwala ake kawirikawiri si kuwonjezera bass koma kukweza pang'ono mawu a pakati, cha pa 700 Hz mpaka 1,000 Hz, ndi kupempha woimba kiyibodi kuti achepetse dzanja lake lamanzere.

Tikaika zonsezi pamodzi, ine ndimaona kuti wojambula m'chipinda akhutire ndi Hi-Z, mpingo wokhala ndi masabu ndi aux yokwanira ugule DI ya active n'kuisunga pamodzi ndi zingwe za maikolofoni ngati katundu wa mpingo, ndipo woimba amene amayenda m'malo osiyanasiyana, lero ku ukwati mawa ku msonkhano, adzigulire preamp yake kuti asamadalire zimene akapeze. Kumene kulibe masabu kapena monita, njira yapakati ndi ampu yaing'ono yokhala ndi bowo lake la XLR kumbuyo, monga ma Fender Rumble a mawati 40 ndi kupitirira apo: ampu imatumikira woimba, ndipo XLR imapita ku mikisa. Ngati pali batani la pre ndi post, pre imatumiza mawu asanadutse mu EQ ya ampu, zimene zimapatsa woyendetsa mikisa ufulu wokonza yekha. Bowo lolembedwa speaker out lisalumikizidwe ku mikisa ngakhale jack yake ikukwana bwinobwino, chifukwa limatulutsa mphamvu yoyendetsera sipika imene ikhoza kuotcha chanelo. Ndipo pa njira iliyonse, chanelo izimitsidwe kaye musanazule kapena kulowetsa chingwe m'gitala, ndipo mwini gitala ya batire azizula jack akamaliza kuimba, popeza jack ikakhala m'gitala batire imapitiriza kudyeka usiku wonse.